Mlandu wa Kadyamsonga wa ku Copenhagen

Tsiku loyamba, Lachisanu

Ndafika m'mawa wa lero nditagona usiku wonse m'ndege yochokera ku Addis Ababa, ndipo chimene chayamba kundilonjera pakhomo la bwalo la ndege la Kastrup ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, ndi mphepo yozizira yolasa mpaka m'mafupa. Mwana wa mlongo wanga, amene wakhala kuno zaka zisanu ndi zinayi ndipo anakwatira mkazi wa konkuno, anandichingamira atanyamula chikhoti chachikulu ndi chipewa chaubweya. "Malume, valani izi musanatuluke panja, jekete lanu la ku Limbe lija kuno ndi malaya chabe," anatero akuseka. Ndinamvera, pakuti mlendo satsutsana ndi mwini mudzi pa za nyengo. Uno ndi mwezi wa February, dzuwa likutuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa cha m'ma 5 koloko, ndipo ngakhale masana limangowala osatentha.

Chimene chandiyendetsa ulendowu ndi kudzaona mdzukulu wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene ndakhala ndikumuona pafoni pokha. Komabe ndabwera ndi nkhani ina mumtima, ndipo ndi imene zolemba izi zilondole. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto m'boma la Chikwawa zaka zoposa 30. Ndafula nkhunzi zosawerengeka, ndayang'anira madibi, ndayeza nyama pamalo ophera ng'ombe, ndipo ndaphapo ziweto zodwala eni ake akuyang'ana ndi misozi. Sindine munthu wonjenjemera ndi magazi. Koma mu February 2014, nditamva pawailesi kuti ku zuu ya mzinda uno, malo osungira nyama zakutchire zoonetsa anthu, awombera kadyamsonga wamng'ono wopanda matenda, dzina lake Marius, n'kumusenda ana akuona, nyama yake n'kuponyera mikango, mtima unandiwawa masiku angapo. Ndinkaona ngati azungu atenga nyama ya ku Africa n'kuisandutsa choseweretsa chimene angathe kuchitaya chikawakwana. Akuluakulu amati mlandu suola. Papita zaka zoposa khumi, koma popeza mapazi andifikitsa pamalo pamene zinachitikira, ndikufuna kuumva mlanduwo modekha, mbali zonse ziwiri, monga amachitira pabwalo la mfumu.

Tsiku lachiwiri, Loweruka

Zuu ya Copenhagen ili pa kachitunda ka ku Frederiksberg, pafupi ndi nyumba yakale yachifumu, ndipo inatsegulidwa mu 1859, chaka chomwecho chimene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mpaka kukafika kunyanja yathu. Pafupi ndi khomo pali nsanja yamatabwa yotalika mamita oposa 40, yomangidwa mu 1905, ndipo chapatsogolo pali nyumba ya njovu ya denga lagalasi imene anajambula katswiri wa zomangamanga Norman Foster. Zonsezi tinangozipitirira, chifukwa mdzukulu wanga anali atandigwira dzanja akundikokera kunjira yodutsa pansi pa msewu wa Roskildevej, yopita kuchigawo cha nyama za ku Africa. "Agogo, bwerani mudzaone nyama za kwanu," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka, ndipo mawu akuti "za kwanu" anandikhala m'khutu tsiku lonse.

Akadyamsonga, amene ena kwathu amawatchula kuti nyamalikiti, tinawapeza m'nyumba yawo, pakuti panja panali pozizira kwambiri moti nyama ya kotentha yamiyendo yaitali chotero siyenera kuyenda pa nthaka yoterera ndi madzi oundana. Nyumbayo ndi yaitali ngati tchalitchi, imatenthetsedwa mkati, ndipo fungo lake ndi la khola lililonse losesedwa bwino. Mtundu umene amasunga kuno ndi wa mawanga akuluakulu ofiirira olekanitsidwa ndi timizere toyera, ngati kuti wina waiveka nyamayo ukonde wa asodzi. Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa Kenya, kumwera kwa Ethiopia ndi ku Somalia. Amene ndinazolowera kuwaona ku Nyala Park ku Nchalo ndi ku Majete mawanga awo ndi osongoka m'mbali, sali olongosoka chonchi.

Ndiyenera kuvomereza chinthu chimodzi msangamsanga. Ndinabwera ndi diso lofuna cholakwa, ndipo ndinaziyang'ana nyamazo monga ndinkayang'anira ng'ombe pa dibi: khungu, ziboda, maso, kapumidwe, ngakhale ndowe zimene zinali pansi. Zonse zinali bwino. Ng'ombe zambiri za m'Chigwa cha Shire m'mwezi wa October sizioneka zathanzi chonchi. Chakudya anachikoleka m'mwamba, m'madengu azitsulo a mipata yaing'ono, kuti nyama izivutikira kutulutsa msipu ndi lilime. Nzeru imeneyi ili ndi chifukwa chake. Kutchire kadyamsonga amatha gawo lalikulu la tsiku akuthyola masamba pakati pa minga ya mthethe, pogwiritsa ntchito lilime lake lotalika pafupifupi theka la mita, ndipo m'mazuu ambiri a padziko, pamene chakudya chimatha msanga, lilime losowa ntchitolo limayamba kunyambita zitsulo ndi makoma kwa maola ambiri. Osunga nyama amachidziwa chizolowezi chimenechi ndipo amalimbana nacho. Koma kulimbana nachoko kukutiuza kuti pali china chimene nyumba, ngakhale ikhale yokongola bwanji, siingapereke yokha.

Ndinakhala pa benchi pafupifupi ola lathunthu ndikuyang'ana mmene amayendera. Kadyamsonga akamayenda amaponya miyendo iwiri ya mbali imodzi pamodzi, kenako ya mbali inayo, ndipo ndi mayendedwe a nyama yopangidwira mtunda wautali. Mnyumbamo akaponya miyendo kangapo wafika kale pakhoma, ndiye atembenuke. M'chilimwe cha kuno ali ndi bwalo lalikulu panja, limene ndinaliona litaphimbidwa ndi chisanu, koma miyezi yozizira ndi yambiri, ndipo kutchire nyama imodzi imayenda dera la makilomita ambirimbiri mbali zonse. Sindikunena kuti nyamazi zikusowa kwawo, chifukwa zinabadwira m'mazuu, makolo awo chimodzimodzi, ndipo mthethe sizinauonepo. Ndikungonena kuti thupi limakumbukira zimene mwini wake sanazione.

Kenako ndinayang'ana mdzukulu wanga. Anali atakweza mutu, kukamwa kuli yasa, akuwerenga mawanga a pakhosi m'Chidanishi. Bambo ake anamuuza kuti khosi lonselo lili ndi mafupa asanu ndi awiri okha, chimodzimodzi ndi khosi lake, ndipo iye anadzigwira pakhosi posakhulupirira. Ndinakumbukira kuti m'sukulu zambiri za ku Chikwawa muli ana amene amakhala mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera ku Majete koma kadyamsonga sanamuonepo ndi maso. Mwana wa ku Denmark wamuona asanayambe kuwerenga. Amene amateteza mazuu, mfundo yawo yamphamvu koposa ndi nkhope ya mwana ngati imeneyi, ndipo lero sindinapeze choitsutsira.

Tsiku lachitatu, Lamulungu

M'mawa mpongozi wanga anaika patebulo buledi wakuda wowawasa amene Adanishi amadya tsiku ndi tsiku, wotchedwa rugbrød. Nditamuluma n'kukwinya nkhope, iye anaseka nati Marius ankamukonda buledi ameneyu, ndipo m'mawa wa Lamulungu pa 9 February 2014 anamupatsa chidutswa chake kuti aweramitse mutu, dokotala wa nyama n'kumuwombera ali mkati motafuna. Buledi uja ndinamuika pambale, ndipo tinayamba mlandu.

Mpongozi wanga anaufotokoza mwadongosolo, mwamuna wake akuthandizira kumasulira pamene Chingerezi chathu chinkasemphana. Zuu ya Copenhagen ili m'bungwe la mazuu a ku Ulaya lotchedwa EAZA, limene likulu lake lili ku Amsterdam. Bungweli limasunga kaundula wa nyama za mitundu yosiyanasiyana, wosonyeza makolo a nyama iliyonse, ndipo pa mtundu uliwonse pali munthu amene amalangiza kuti yamphongo iti ikwere yaikazi iti, kuti magazi asamangozungulira pachibale. Marius anali wa zaka pafupifupi ziwiri, msinkhu umene mwana wamphongo amayamba kulimbana ndi bambo ake m'khola limodzi, ndipo magazi a banja lake anali ochuluka kale m'mazuu a bungwelo. Malo otchedwa Yorkshire Wildlife Park ku England anapempha kuti amutenge, koma anayankhidwa kuti mkulu wake wa Marius ali kale komweko, ndipo danga limenelo lisungidwire kadyamsonga wa magazi osowa. Ena amene sali m'bungwelo anapemphanso, munthu wina wolemera analonjeza ndalama zambiri, anthu oposa 27,000 anasaina chikalata cha pa intaneti chomupempherera moyo, koma zuu inakana kugulitsa nyama kumalo amene singathe kulondola mathero ake. Mkulu woona za sayansi pa zuuyo, Bengt Holst, anaima pamaso pa atolankhani a dziko lonse n'kuteteza chigamulocho osabisa kanthu. Analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, koma chaka chomwecho owerenga nyuzipepala ya Politiken anamusankha kukhala munthu wopambana wa mzinda wa Copenhagen.

Ndinafunsa funso la mlangizi wa ziweto: bwanji sanangomufula? Kwathu nkhunzi yosafunika pa mbewu timaifula ndi chopanira, n'kukhala mfule yokoka ngolo zaka khumi. Yankho lake ndi lakuti kadyamsonga sangafulidwe ali maso, ndipo kumugoneka ndi mankhwala n'koopsa kuposa nyama zambiri, chifukwa amagwa kuchokera patali, khosi limatha kuthyoka, ndipo zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Kuwonjezera apo, mazuu a kuno amakhulupirira kuti yaikazi iyenera kutenga bere, kubereka ndi kuyamwitsa, chifukwa limenelo ndi gawo lalikulu la moyo wa nyama, ndipo amaona kuti ndi bwino kulola ana kubadwa n'kupha otsala akakula kusiyana ndi kuumitsa khola lonse ndi mankhwala olera. Mazuu ambiri a ku America amatsata njira inayo, ya kulera.

Apa mkwiyo wanga wa 2014 unayamba kuphwa mbali ndi mbali, ndipo sindinakondwere nazo. Za kukwerana pachibale ndazilalikira moyo wanga wonse: tonde mmodzi akakwera ana ake ndi adzukulu ake, mbuzi zimabadwa zofooka, n'chifukwa chake tinkauza alimi kuti azisinthana atonde ndi midzi yakutali. Za kuwombera m'malo mobaya jakisoni wakupha, woyeza nyama aliyense akudziwa kuti mankhwalawo amaononga nyama yonse, mikango sikanadya. Za ana kuonerera, ndinadzifunsa kuti ndi mwana uti wa kumudzi amene sanagwirepo mwendo wa mbuzi ikusendedwa pa ukwati kapena pa Khrisimasi, n'kupatsidwa chikhodzodzo kuti apope mpira. Makolo a ku Copenhagen anabwera ndi ana awo mwa kufuna kwawo, ndipo anaonetsedwa mtima wa kadyamsonga, umene umapopa magazi mwamphamvu kuwirikiza kawiri wa munthu kuti akafike kumutu.

Koma panatsala chinthu chimene sichinaphwe. Bere la kadyamsonga limatenga miyezi pafupifupi 15. Tsiku limene analola bambo ake a Marius kukwera mayi ake, kaundula uja analipo kale, magazi a banjalo anali odziwika kale, ndipo aliyense woweta amadziwa kuti pa ana awiri obadwa mmodzi amakhala wamphongo. Ndiye kuti chigamulo cha pa 9 February chinalembedwa mwanayo asanaumbidwe m'mimba. Ndinauza mpongozi wanga kuti mlandu wanga wasamuka: sulinso pa mfuti, uli pa khomo la khola limene linatsegulidwa zaka zitatu m'mbuyo mwake. Iye anavomera kuti mwana wa nyama akabadwa ku zuu iliyonse, zithunzi zake zimadzaza nyuzipepala ndipo anthu amakhamukirako, koma anakana kuti chimenecho ndicho chifukwa chachikulu. Mwamuna wake anangoti, "Malume, mwezi wotsatira anaphanso mikango inayi, iwiri yokalamba ndi ana awiri, kuti alowetse yamphongo yatsopano," ndipo anadzuka kukathira madzi m'ketulo.

Tsiku lachinayi, Lolemba

Chisanu chagwa usiku wonse ndipo sindinatuluke. Ndakhala pawindo ndikusinkhasinkha mawu amene mazuu amakonda kunena, akuti iwo ndi nkhokwe ya mbewu, yosungira mitundu ya nyama kuti tsiku lina kutchire zikadzatha padzapezeke pobwezeretsa.

Mawuwa si bodza. Hatchi yakutchire ya Przewalski inatheratu ku Mongolia ndipo inabwezedwako kuchokera m'mazuu. Njati ya ku Ulaya inapulumuka mwa njira yomweyo, ndipo mu 2016 mphalapala za nyanga zokhota za m'chipululu, zotchedwa oryx, zinabwezedwa ku Chad zitaswanitsidwa m'manja mwa anthu. Akadyamsonga nawo alidi pa mavuto. Mu 2016 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linalengeza kuti achepa ndi pafupifupi 40 peresenti m'zaka 30, kuchoka pa 155,000 kapena kuposerapo pang'ono mu 1985 kufika pochepera 100,000 mu 2015, ndipo mu 2018 mtundu wa Marius, wa mawanga a ukonde, unaikidwa m'gulu la nyama zimene zili pa ngozi yotheratu. Zimene zikuwatha ndi kuchepa kwa malo, misampha ya waya, mfuti za m'madera a nkhondo ndi chilala.

Nkhokwe imadziwika ubwino wake tsiku lodzala, ndiye ndinayamba kuwerenga pa zala kumene akadyamsonga abwezeretsedwa. Ku Niger anatsala 49 okha mu 1996, ndipo anachuluka kupitirira 600 chifukwa boma ndi anthu a m'midzi anasiya kuwapha, ali m'minda yawo yomweyo ya mapira. Ku Uganda amene anapita ku Lake Mburo mu 2015 anatengedwa ku Murchison Falls. Kwathu ku Majete, 13 amene anafika mu 2018 anachokera ku South Africa, ulendo wa pamsewu wa makilomita pafupifupi 2,500, ndi ku Nyala Park. Mbewu yonseyi inatapidwa m'minda ya ku Africa komweko, nkhokwe ya ku Ulaya ili chitsekere.

Chiyambi cha kadyamsonga ku Ulaya sichinali chosunga mtundu. Mu 1827 wamkazi wina, mphatso ya wolamulira wa Egypt Muhammad Ali kwa mfumu ya France Charles X, anayendetsedwa wapansi kuchokera ku Marseille mpaka ku Paris atavekedwa chikhoti, ndipo khamu la anthu linkatuluka m'midzi kudzamuona. Ine wa chikhoti chobwereka ndinamumvera chisoni ngati mbale.

Tsiku lachisanu, Lachiwiri

Tinakwera sitima ya m'mawa kupita ku Odense, pa chilumba cha Fyn, kukaona asewere anga, bambo ake a mpongozi wanga. Sitimayo imalowa pansi pa nyanja ya Storebælt, n'kutulukira pa kachilumba, n'kumaliza pa mlatho, ndipo ulendo wonse sukwana maola awiri. Sabata ino ana a sukulu ali pa tchuthi cha m'nyengo yozizira, choncho m'sitima munali phokoso ngati la basi ya ku Nsanje. Kunja kunkaoneka minda yoyera ndi nyumba zazitali zopanda mawindo akuluakulu, zimene anandiuza kuti ndi makola a nkhumba. Dziko lino lili ndi anthu pafupifupi 6 miliyoni, ndipo nkhumba zimaposa anthu pafupifupi kawiri.

Asewere ndi mlimi wa nkhumba wopuma ntchito, munthu wa manja okhakhala ndi mawu ochepa, ndipo tinagwirizana msanga monga amachitira anthu amene anunkhapo khola. Tinapita limodzi ku zuu ya Odense, imene ili m'mphepete mwa mtsinje, ndipo nakonso tinapeza akadyamsonga. Pamalo amenewa mu October 2015 anatumbula mkango waung'ono pamaso pa ana a sukulu, mkango umene unaphedwa miyezi ingapo m'mbuyo chifukwa chosowa kopita n'kusungidwa mufiriji. Dziko lakunja linachitanso phokoso, Adanishi anangodabwa kuti phokosolo ndi lachiyani.

Titakhala pansi kumwa khofi, ndinawafotokozera pamene mlandu wanga wafika. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati pa moyo wawo atumiza nkhumba zikwi zambiri kokaphedwa, nyama zanzeru kuposa kadyamsonga, zambiri zisanakwane miyezi isanu ndi iwiri, ndipo palibe anasainapo chikalata. Kwa iwo Marius analiridwa chifukwa anali ndi dzina ndi nsidze zazitali. Anandikumbutsanso kuti mu 2014 mkulu wa EAZA anauza atolankhani kuti mazuu a ku Ulaya amapha nyama zapakati pa 3,000 ndi 5,000 pa chaka pa zifukwa zoterezi, ndipo kusiyana kwa Denmark ndi kwakuti amachitira poyera. Mu July 2025 zuu ya Nuremberg ku Germany inapha anyani 12 chifukwa khola linadzaza, ndipo patangopita masiku ochepa zuu ya Aalborg konkuno inadzudzulidwa popempha anthu kuti apereke nkhuku, akalulu ndi mahatchi amene sakuwafunanso kuti zikhale chakudya cha zilombo.

Ndinawayankha kuti, "Asewere, inu mukamaweta nkhumba mumanena poyera kuti mukuweta nyama yodya, ndipo mbuzi ya kwathu ikakondwa timadziwa tonse kuti amalonda ali pafupi. Koma zuu imauza mwana pakhomo kuti ikupulumutsa mtundu. Ngati mtunduwo ukupulumutsidwa ku Niger ndi ku Kenya ndi anthu olondera tchire, ana obadwira kuno akubadwira chiyani, kupatula kuti khola la kuno lisathe?"

Sanafulumire kuyankha. Anati khola la kuno likatha, mdzukulu wathu tonsefe sadzaonanso kadyamsonga, ndipo munthu sapereka ndalama zotetezera chinthu chimene sanachionepo. Anatinso mukaletsa zazikazi kubereka zaka zambiri, zina zimauma osadzaberekanso, khola lonse limakalamba pamodzi, ndipo tsiku limene mudzafune mbewu mudzapeza nkhokwe ya anankafumbwe okhaokha. Mfundo imeneyi ndi yoona pa ziweto, ndipo sindinaitsutse. Kenako anandifunsa ngati Majete ili ndi mpanda.

Ili nawo, wamagetsi, wozungulira dera lonse la masikweya kilomita pafupifupi 700, umene unamangidwa bungwe la African Parks litatenga udindo woyang'anira malowo mu 2003. Ndinawafotokozera ndekha, popeza kubisa kukanakhala kupanda ulemu, kuti nafenso nyama zimatichulukira m'mipanda. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, kumene anthu a m'midzi yozungulira, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za minda yoonongedwa ndi abale ophedwa. Asewere anagwedeza mutu nati ndiye kuti khola lathu ndi lalikulu chabe, ndipo mtengo wa nyama zotsala kwathu amalipira ndi alimi. Anawonjeza kuti kutchire kumene kuli mikango yambiri, pafupifupi theka la ana a kadyamsonga safika chaka chimodzi, ndipo imfa ya m'zikhadabo ndi yowawa kuposa ya chipolopolo chobwera uli ndi buledi m'kamwa.

M'sitima yobwerera ndinakhala chete. Pa za imfa asewere andigonjetsa, ndipo ndikulemba zimenezi mosanyinyirika. Pamene ndaimabe ndi apa: nyama imene ili ndi tchire loiyembekezera, monga oryx wa ku Chad, ndingavomere kuti iswanitsidwe mochuluka ngakhale zina zitsale n'kuphedwa, chifukwa imfazo zikugula kanthu. Kadyamsonga wa ku Ulaya, amene mwana wake sadzakwera galimoto yopita ku Samburu kumpoto kwa Kenya, ayenera kuswanitsidwa mowerengera malo amene alipo kale, ndipo mazuu amene sangathe kusunga gulu la amphongo okhaokha pambali asamayambe n'komwe kukweretsa. Zimenezi zidzachepetsa ana okongola oonetsa alendo, ndipo mwina zidzachepetsa mazuu okhala ndi akadyamsonga kumene. Ine ndikuona kuti mtengo umenewo ndi woyenera kulipira. Asewere akuona mosiyana, ndipo tinasiyana titagwirana chanza kawiri.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Lachitatu

Makolo ake atapita kuntchito, mdzukulu wanga anandipempha kuti tibwererenso ku Frederiksberg, awiriwiri. Iye ndiye anali mtsogoleri: anandionetsa pokwerera basi, pogunditsa khadi, ndi potsikira. Dzuwa linawala pang'ono lero, koma akadyamsonga anali m'nyumba monga tsiku lija.

Ndinafuna kudziwa chimene ana a kuno amauzidwa, choncho ndinamufunsa ngati akudziwa chimene mikango ya muno imadya. Anayankha mosazengereza kuti imadya mahatchi, ng'ombe, ndipo nthawi zina nyama za mu zuu momwemo zikachuluka. Ananena zimenezi ndi nkhope yomweyo imene mwana wa ku Ngabu anganenere kuti tambala uja tinadya dzulo. Sanaone chachilendo, ndipo ine amene ndinakwiya pawailesi zaka zija ndinadzipeza ndikuchita manyazi pang'ono pamaso pa mwana.

Kenako iye anandibwezera funso. Analoza wamng'ono pa onse, amene anali atatambasula miyendo yakutsogolo kuti atole kanthambi kamene kanagwa pansi, nati, "Agogo, uyu akakula adzapita kwanu?" Ndinamuuza kuti ayi, sadzapita, akakhala wamkazi mwina adzakhala pano kapena adzatumizidwa ku zuu ina, akakhala wamphongo zidzadalira zimene zalembedwa m'kaundula ndiponso ngati kwina kuli malo. Anafunsa kuti malo akapanda kupezeka zidzatani, ndipo ndinamuyankha monga anthu a kwa amayi ake amayankhira, mosazungulira. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana nyamayo, kenako anafunsa ngati a ku Majete nawonso ali ndi kaundula. Ndinati oyang'anira amawadziwa mmodzimmodzi ndi mawanga awo, pakuti palibe awiri ofanana mawanga, koma amene amasankha yaikazi ndi amphongo eni ake, pomenyana ndi makosi mpaka wina athawe. Zimenezi zinamuseketsa kwambiri, ndipo anafuna kuti ndimuonetse mmene amamenyanirana, zimene ndinachita ndi mikono yanga iwiri, anthu akutiyang'ana.

Madzulo ndinapempha makolo ake kuti tchuthi cha July adzabwere naye ku Chikwawa, nthawi imene udzu wayamba kuuma ndipo nyama zimaoneka patali. Bambo ake atsegula kompyuta kuyang'ana mitengo ya ndege. Mwanayo wajambula kadyamsonga papepala kuti ndipite naye, wa mawanga a ukonde, ndipo wandilamula kuti ndikamufanizire ndi a ku Majete n'kumuuza pafoni pamene asiyana. Ndaika pepalalo pakati pa pasipoti, pamodzi ndi tikiti ya ndege ya mawa usiku.